Mpanda wa Galu m'Kagalimoto: Mlandu Umene Unazengedwa Pakhonde ku Bvumbwe

Munthu amene achoka ku Limbe m'mawa wa mwezi wa June, nadutsa pa Chigumula nkhungu ya chiperoni isanayere, akafika pa msika wa Bvumbwe, pamene kabichi, matimati, karoti ndi mpiru zimaunjikidwa m'mbali mwa msewu kufikira pafupi ndi phula penipeni, amaona ndi maso ake chimene woyendetsa galimoto aliyense wa kuno anachidziwa kale ndi phazi lake: kuti msewu uwu, umene upitirira kunka ku Thyolo, ku Luchenza ndi ku Mulanje pakati pa minda ya tiyi, ndi msewu wa mabuleki adzidzidzi. Apa minibasi yaima posayenera kuti itole mayi wa dengu. Apo wanjinga wamangirira zigubu za mkaka, akudzandira pokwera chitunda. Uko mwana wasukulu wathamangira kutsidya osacheuka. Ndayamba ndi msewu chifukwa mlandu ndifuna kuufotokozawu, ungakhale unabuka chifukwa cha galu, mizu yake ili pa msewu umenewu, ndiponso pa zinthu zina zakale zimene anthu a m'dziko la tiyi sanaziiwale.

Mlongo wanga, amene ndi mphunzitsi pa sukulu ina ya m'dera la Inkosi Bvumbwe, atadzimana zaka zingapo anagula kagalimoto ka mtundu wa Vitz, kamodzi mwa tigalimoto tija timachokera ku Japan titagwirako kale ntchito, n'kudzatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno pa Songwe. Pakhomo pake pali ana awiri, ng'ombe imodzi ya mkaka, ndi galu wamphongo wofiirira amene amagona pa chipata cha khola usiku wonse. Tsiku lina galuyo anabwera m'mbandakucha akutsimphina, atakodwa mu msampha wa waya umene unamudula mwendo wakutsogolo mpaka fupa kuoneka. Ndipo popeza bala lotere silipola ndi madzi amchere okha, mlongo wanga anamuyalira thumba pa mpando wakumbuyo, namumanga ndi chingwe pa chogwirira cha chitseko, nauyamba ulendo wa ku Blantyre kwa dokotala wa ziweto. Anayenda bwino kufikira pa Chigumula. Pamenepo lole ina italiza hutala pafupi, galu uja, amene anali asanakwerepo galimoto chibadwire, anadzidzimuka, napulumutsa mutu m'chingwe, nadziponya pakati pa mipando iwiri yakutsogolo, chifuwa chake n'kugwera pa dzanja logwira chiwongolero. Galimoto inapatukira kumphepete, niima mikono iwiri yokha kuchokera pa mayi wina wogulitsa nthochi. Palibe anavulala. Koma mlongo wanga anakhala m'galimotomo nthawi yaitali manja akunjenjemera, ndipo pobwerera kunyumba anali atatsimikiza mumtima mwake kuti adzaika mpanda wazitsulo pakati pa mipando yakumbuyo ndi buti, kuti galu akakwera azikhala kuseri kwake.

Mawu amenewa atafika kwa amalume athu, amene anatha unyamata wawo akuthyola tiyi dengu lili kumsana, pambuyo pake nakhala kapitawo pa esiteti ina imene sindiitchula dzina, anatuma mwana kudzatiitana. Ndipo tsiku la Sabata titaweruka ku tchalitchi tinakakhala pakhonde pawo, iwo pa mpando wandalema, ife pa mphasa monga mwa ulemu. Sanafulumire nawo mlanduwo. Anayamba afunsa za ng'ombe, za mbatata zakumunda, za mwendo wa galuyo. Ndipo atatha zonsezi anapukusa mutu, nati:

"Mwanawe, ndamva kuti ufuna kumangira galu chipinda m'galimoto. Maso angawa anaona zambiri m'minda ya tiyi. Ndinaona bwana akudutsa, galu wake atakhala kutsogolo pa mpando wofewa, lilime lili lende pawindo, pamene ife, anthu okhala ndi maina ndi mabanja, tili kumbuyo pamtetete, chiperoni chikutilasa m'mafupa. Tsiku lina mnzathu atadzitema ndi chikwanje tinamunyamula pa machira, galimoto ija n'kutipitirira, galu ali phee m'katimo. Tinkauzana kuti dziko likadzakhala lathu, galu adzabwerera pa malo pake, pabwalo, ndi munthu adzakhala pa malo pake. Lero mwana wa mlongo wanga yemwe ndiye akuti akatayire ndalama zitsulo za galu, pamene anzake akupita ku sikelo wapansi, ana ali kumsana. Anthu akaona adzati chiyani? Kodi sadzati wayamba chizungu, waiwala kumene anachokera?"

Ndipemphe owerenga, makamaka achinyamata amene anabadwa galimoto zitachuluka kale, kuti asapepuse mawu a nkhalambayi. M'boma la Thyolo, m'mene nthaka yabwino inagwa m'manja mwa eni maesiteti kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndi m'mene thangata, ntchito ija munthu ankagwira polipirira malo omangapo nyumba ndi olimapo, sanathe mwalamulo kufikira chaka cha 1962, funso lakuti ndani akhala kutsogolo ndipo ndani akhala kumbuyo si funso la masewera ayi. Ndi chilonda chimene chinapola pamwamba pokha. Ndiponso mwa chikhalidwe chathu galu ali ndi malo ake odziwika. Amapita naye ku uzimba, amalondera pakhomo, amadya mkute wotsala, amagona pakhonde kapena paphulusa; koma salowa m'nyumba, sakwera pa mphasa ya anthu, ndipo munthu ukamutcha galu wamulakwira mlandu woti mpaka ukafike kwa mfumu. Chotero kwa amalume galimoto inali ngati nyumba yoyenda, ndipo kulowetsamo galu kunali kusokoneza dongosolo limene iwo anaona anthu akulivutikira.

Anawonjezanso mfundo ina imene ndinaona kuti inali yolimba. Anati galu Mulungu anamupatsa miyendo inayi, ndipo akafuna katemera amamuika chingwe m'khosi napita naye ku dibi kwa alangizi a ziweto, monga akhala akuchitira anthu onse. Galimoto ilowapo pati? Ndipo apa ine ndikhoza kuwachitira umboni, pakuti m'chaka cha 2015, pamene bungwe la Mission Rabies linayamba kutemera agalu mu mzinda wa Blantyre, agalu oposa 35,000 anabayidwa m'masiku 20 a ntchito, ena atabwera nawo eni ake pa malo otemerapo, ambiri mwa iwo ana ogwira zingwe, ena atawapeza m'makomo mwawo. Ntchito yaikulu chotere inatheka popanda mpanda wa m'galimoto.

Mlongo wanga anamva zonsezi atawerama, osadula mawu. Ndipo amalume atatonthola, anawomba m'manja pang'ono, nayankha motere:

"Zikomo amalume, mawu anu alowa, ndipo sindingatsutse zimene maso anu anaona ine ndisanabadwe. Koma mundilole ndinene kuti mpanda ndikuufunawu cholinga chake n'kutsekereza galu, osati kumulemekeza. Bwana uja anaika galu kutsogolo, munthu kumbuyo. Ine ndifuna kuika galu kumbuyo kwenikweni, kumene kumakhala matumba a madeya, kuti mipando yonse isanu ikhale ya anthu, ndi kuti iye asakhale ndi njira yofikirako ngakhale atafuna. Tsiku lija pa Chigumula panalibe mpanda, ndipo galu anadzipezera yekha malo akutsogolo. Mayi uja wa nthochi ndikadamugunda, mukadapita ndinu kukapepesa maliro. Ndipo kumeneko palibe akadafunsa ngati ndayamba chizungu kapena ayi, akadangoti mwana wa kwa uje wapha munthu chifukwa cha galu."

Amalume anakhala chete, ndipo ine ndinazindikira kuti muvi wafika pamene unalinga, pakuti mlongo wanga anatenga chida chimene iwo anabwera nacho, nachigwiritsa ntchito yake. Dongosolo limene iwo ankaliteteza, lakuti galu ndi munthu asasakanizike, ndilo limene mpandawo umanga ndi chitsulo.

Tsono pano ndifuna kuima pang'ono ndi kufotokoza chinthu chimene ambiri sachiganizira, ndicho kulemera kwa chinthu chosamangidwa pamene galimoto yaima mwadzidzidzi. Galimoto ikamathamanga, zonse zili m'katimo zimathamanga nayo. Ikagunda chinthu n'kuima, chimene sichinamangidwe sichiima ayi, chimapitirira ndi liwiro lomwe lija kufikira chitapeza choimitsa. Ophunzira masamu a sayansi adzandivomereza kuti kugunda pa liwiro la makilomita 50 pa ola kuli ngati kugwa kuchokera pamwamba pa mtengo wa bulugamu wotalika mamita 10. Galu wa mlongo wanga alemera ngati makilogalamu 20, osafika ndi theka lomwe la thumba la chimanga; koma taganizani katundu wotere atagwa kuchokera pamwamba pa mtengo umenewo, nafikira pa khosi la mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Ndi nzeru yomweyi imene inachititsa Nils Bohlin wa kampani ya Volvo ku Sweden kupanga lamba wa pampando wodutsa pachifuwa ndi m'chiuno, amene anayamba kuikidwa m'galimoto m'chaka cha 1959, ndipo lero apolisi apamsewu amatiimitsa tikapanda kumumanga. Nanga pali nzeru yanji kumanga anthu onse ndi malamba, n'kusiya kumbuyo kwawo chamoyo chosamangidwa, chimene kuwonjezera pa kulemera kwake chili ndi mano ndi mantha? Ku Britain, kumene agalu amakwera galimoto tsiku ndi tsiku, ndime 57 ya malangizo awo apamsewu imauza woyendetsa kuti galu amangidwe kapena atsekeredwe bwino, ndipo mpanda wotere uli pakati pa njira zimene amazitchula. Koma sitisowa kuwoloka nyanja kuti tipeze chiyambi cha nzeru imeneyi. Awerengi a Buku Lopatulika akumbukira kuti m'mutu 22 wa Deuteronomo, womanga nyumba analamulidwa kutchinga m'mbali mwa tsindwi lake, kuti mlandu wa mwazi usagwere nyumbayo munthu akagwa. Chilamulo chimenecho sichinadikire kuti wina ayambe wagwa, pakuti tsoka silinunkha.

Za miyendo inayi ija, mlongo wanga anayankha mwachidule kuti galu wake tsiku limenelo anali ndi itatu. Galu wabwinobwino apita ku dibi wapansi, inde. Koma wodulidwa ndi msampha, wogundidwa pamsewu, kapena wamkazi amene ana amukanirira m'mimba, sangayende mtunda wochokera ku Bvumbwe kukafika ku Blantyre, ndipo palibe kondakitala wa minibasi amene angamulole. Walira mvula walira matope: amene afuna galu womulondera ng'ombe usiku avomerenso kumunyamula tsiku la tsoka lake. Ndipo galu womva ululu ndiye woopsa koposa, pakuti amaluma ngakhale dzanja limene limamudyetsa.

Pamenepa ndiyenera kuchenjeza mwamphamvu, chifukwa mpanda ungathe kupatsa munthu kulimba mtima kolakwika. Galu amene wasintha khalidwe mwadzidzidzi, akutuluka dovu, akuluma zilizonse, kapena wafooka nsagwada, asakwezedwe m'galimoto konse, mpanda ulipo kapena palibe. Atsekeredwe pomwepo popanda kumugwira, ndipo aitanidwe alangizi a ziweto. Chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse pa dziko lonse, ambiri a iwo ku Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Zizindikiro zake zikangoonekera mwa munthu, mankhwala ochiza palibe. Wolumidwa atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, nathamangire kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti katemera amene Louis Pasteur anamuyesa koyamba pa munthu m'chaka cha 1885 amathandiza pokhapokha matenda asanafike ku ubongo. Mpanda utchinga thupi la galu, koma malovu ake sungawatchinge.

Ndikadakhala wofuna kukometsa nkhani ndikadalekera pomwepa, n'kunena kuti mlongo wanga anapambana. Koma akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo amalume anali asanathe. Anadzuka pa mpando wawo, natenga ndodo, natiuza kuti tikawatsegulire buti ya galimotoyo. Anayeza ndi ndodo kuchokera pa msana wa mpando kufikira pa chitseko chakumbuyo, nayezanso kuchokera pansi kufikira pa galasi, kenaka anaitana galu wawo amene ali wamsinkhu umodzi ndi wa mlongo wanga, namuyeza kuyambira pamphuno kufikira pa tsinde la mchira. Sananene kanthu, anangotionetsa ndodoyo. Kagalimoto kameneka konse sikafika mamita anayi m'litali, ndipo malo otsala kuseri kwa mipando ndi ochepa kotero kuti galu wamkulu sangatembenukemo momasuka, ngakhale kugona atatambasula miyendo.

"Taona, mwanawe," anatero, "pamwamba pake pali galasi lopendekera ili. M'mwezi wa October, dzuwa likamaswa mtengo, kodi mphepo imufika bwanji kuno, mawindo onse ali kutsogolo kwa mpanda wako? Ndipo minibasi ikadzalephera kuima n'kukugunda kumbuyo, chimene chidzayambe kuphwanyika n'chiyani, ngati si malo omwewa? Wati ufuna kumupulumutsa ku bala la mwendo. Samala ungamuphikire mu mphika."

Mawu awa anali oona, ndipo mlongo wanga sanawakane. Galu satuluka thukuta thupi lonse monga munthu. Amadziziziritsa popuma wefuwefu lilime lili panja, ndipo mpweya womuzungulira ukatentha njira imeneyi imalephera, kotero kuti galu wosiyidwa m'galimoto yotseka padzuwa akhoza kufa mwini wake asanamalize kugula ndiwo pamsika. Kutsegula chitseko chakumbuyo poyenda sikuthandiza, chifukwa utsi wa injini umakokedwera m'kati, n'kuledzeretsa galu ndi anthu omwe. Ananenanso amalume za matumba: kuti galimoto ya munthu wa ku Bvumbwe si ya maulendo achisangalalo, koma imanyamula madeya a ng'ombe, feteleza, nkhuni ndi odwala, ndipo ubwino wake wonse uli pa mipando ija imapindika, tsono chitsulo chowotchereredwa chikaima pakati, kodi sichidzalanda galimotoyo theka la ntchito yake chifukwa cha galu amene akwera kawiri kapena katatu pachaka?

Tinabalalika tsiku limenelo mlandu usanagamulidwe. Mlongo wanga, pofuna kuonetsa kuti matumba sadzasowa malo, anapita ku Limbe nagula m'sitolo ina mpanda wopangidwa kale, wonyezimira bwino, wa mtundu uja uli ndi ndodo ziwiri zotalikitsidwa pozipotokola, zimene zimakankha denga pamwamba ndi kuponda pansi ndi timiyendo ta mphira, popanda bawuti ngakhale imodzi. Pouika unaoneka wolimba. Koma denga la galimoto m'kati ndi lofewa, ndipo njira ya kunyumba kwake ndi yafumbi, ya mabampu ndi ngalande za mvula. Pa tsiku lachitatu, asanakwezemo galu n'komwe, anamva kuti gwa! kumbuyo, napeza mpanda wonse utagonera pa mpando pamene amakhala mwana wake wamng'ono. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinena mosabisa kuti mpanda wotere, pa misewu yathu ino, ndi woipa kuposa kukhala wopanda mpanda, chifukwa umawonjezera chitsulo pa zinthu zimene zidzauluke tsiku la ngozi, pamene mwini wake akuyenda mtima uli m'malo.

Safunsa anadya phula. Ulendo wachiwiri mlongo wanga anayamba wafunsa. Anapita kwa makaniko wachikulire, ndipo anatenganso wowotcherera zitsulo, mmodzi wa aja amapanga zitseko ndi zotchinga m'mawindo. Ine ndinali pomwepo, ndipo ndinaona m'mene ntchito yabwino imayambira. Sanayambe ndi chitsulo. Anadula katoni yaikulu, naiyesa kuseri kwa mipando, nachepetsa apa, nawonjezera apo, kufikira itatsata kupindika kwa denga ndi kwa m'mbali, osasiya mpata woti mutu wa galu ulowe n'kukanirira, pakuti galu wamantha amalowetsa mutu paliponse pamene paoneka kuwala. Wowotcherera uja, mwa chizolowezi cha ntchito yake, anafuna kugwiritsa zitsulo zochindikala za m'mawindo ndi kuboola pansi pa galimoto kuti amange ndi mabawuti. Makaniko anamuletsa zonse ziwiri. Anati mbala ya panyumba ndi galu wa m'galimoto satchingidwa ndi chitsulo chimodzi: pano pafunika paipi yopepuka ya makona anayi ndi waya wolukidwa wa maso ang'onoang'ono, wakuti woyendetsa aziona kumbuyo pa galasi lake. Za kuboola anati pansi pa mpando wakumbuyo wa galimoto zambiri zazing'ono pali thanki ya mafuta, ndipo pansi ponse pamadutsa mapaipi a mabuleki ndi mawaya a magetsi. Anawonjezera kuti galimoto sizifanana, pakuti Honda Fit thanki yake ili pansi pa mipando yakutsogolo, chotero munthu asaboole galimoto iliyonse mongoganizira. Analetsanso kumasula mabawuti ogwira malamba a anthu, ndi kukanikiza chitsulo m'mbali mwa denga m'galimoto zimene zili ndi ma airbag pamenepo.

Mpandawo anaumangirira pa ndodo zachitsulo za zotsamira mutu, naulimbitsa ndi miyendo iwiri yotsikira kuseri kwa mpando, pogwiritsa manati omasula ndi manja, kuti tsiku la matumba uzichotsedwa m'mphindi zochepa, ndi kuti tayala lapadera la pansi pa buti lizitulutsidwa popanda vuto. Nsonga zonse anazipala ndi tupa, nazivala mphira wa paipi ya madzi woing'amba m'litali. Ndinayendetsa chikhatho changa m'mbali monse, ndipo sichinakodwe paliponse.

Tsono ngati owerenga afuna kumva pamene ine ndaima, ndinena kuti pa tsinde la mlanduwu ndili kumbali ya mlongo wanga: galu wosamangidwa asakwere galimoto imene muli anthu, ndipo amene akana mpanda chifukwa cha manyazi a zonena za anthu akuika mbiri yake patsogolo pa moyo wa ana ake ndi wa oyenda pansi. Koma sindingavomereze kuti mpanda wokha wamaliza ntchito, ndipo apa ndodo ya amalume ndiyo inanena zoona. Mpanda womangidwa pa zotsamira mutu uletsa galu kulumphira kutsogolo, ndipo umugwira pa mabuleki adzidzidzi; koma sunayesedwe monga amayesera malamba ku fakitale, ndipo pa ngozi yaikulu munthu asaudalire kopitirira. Ndiponso kwa galu wamkulu m'kagalimoto kochepa chotere, ndiyesa kuti njira yabwino koposa ndi kusiya ana kunyumba tsiku limenelo, kupinda mipando, ndi kumuika m'bokosi lolimba la mipata ya mpweya, lomangidwa ndi zingwe kuti lisasunthe. Buti ya kuseri kwa mpanda ikhale ya ulendo waufupi, wa m'mawa dzuwa lisanakwere, mawindo akumbuyo atatsitsidwa pang'ono, madzi ali m'chigubu, ndipo galu asasiyidwe yekha m'menemo ngakhale kwa kanthawi.

Chimene chinandidabwitsa ndi chakuti mpandawo, m'miyezi imene yapitayi, wagwira ntchito yochuluka galu mulibe. Kuseri kwake kwakhala makasu, chikwanje, chigubu cha mkaka, ndi botolo la gasi. Zinthu zimene ife tonse timaziponya kumbuyo kwa mitu ya ana athu popanda kuganiza, ngakhale kuti khasu louluka silichitira munthu chifundo kuposa galu. Makaniko uja anati akadakhala ndi mphamvu akadauika m'galimoto iliyonse yaing'ono imene imanyamula katundu wa kumsika wa Bvumbwe, ya galu ndi yopanda galu yomwe.

Amalume sananene kuti agonja, ndipo sitinawafunse. Chimene anapempha n'chimodzi, ndipo anachinena mlongo wanga atagwada powatsazika: "Mwanawe, galimoto imene yanyamulapo galu isadzapitirire munthu wodwala panjira, usana kapena usiku." Mlongo wanga anavomera, ndipo anthu a m'mudzimo amadziwa tsopano chitseko chimene angagogode mayi akayamba kumva zowawa pakati pa usiku.

Sabata yatha mlongo wanga anawatenga amalume kupita nawo ku Thyolo kukaonana ndi dokotala wa maso. Asanakwere anazungulira kumbuyo, natsegulitsa buti, nagwira mpandawo ndi manja onse awiri, naugwedeza mwamphamvu monga ankayesera mizati ya zigafa pa esiteti. Anapeza nati imodzi ya kumanzere itamasuka pang'ono, naimirira pomwepo kufikira mlongo wanga ataimanga iwo akuona. Kenaka anakakhala pa mpando wakutsogolo, namanga lamba. Galu wawo, tsiku la katemera likafika, amapitabe naye ku dibi wapansi, chingwe chili m'dzanja lamanja, ndodo ili kumanzere.